Masipika a pabalaza akung'ung'udza TV ikangolumikizidwa: tithandizane kupeza gwero la phokosoli

Mwini masipika, Area 25

Akuluakulu ndi anzanga onse a pagulu lino, ndikupempha nzeru zanu pa vuto limene landisowetsa mtendere pabalaza. Ndili ndi ampulifaya yakale yokhala ndi pulagi ya mano atatu, masipika awiri aakulu, TV, komanso dikoda yolumikizidwa ku dishi imene ili pa mzati wachitsulo wozikidwa pansi kuseri kwa nyumba. Ndikamamvetsera nyimbo za pafoni kudzera m'kawaya kakang'ono kaja, mawu amatuluka bwinobwino, koma ndikangolumikiza TV ku ampulifaya ndi mawaya a RCA, wofiira ndi woyera aja, masipika onse awiri amayamba kung'ung'udza chapansipansi, kuti mmmm, osalekeza. Phokosolo silisintha ngakhale ndisinthe tchanelo, ndipo limasautsa kwambiri usiku pamene m'nyumba muli zii. Ndagula mawaya ena atsopano koma palibe chimene chasintha. Kodi ndi masipika amene atha, kapena ampulifaya ndiyo yakalamba?

Wokonza mawailesi, Limbe

Achimwene, musathamangire kugula masipika ena, chifukwa sipika imangotulutsa chimene yapatsidwa. Sipika yowonongeka imadziwika ndi kukhwekhwereza kapena kusasa mawu pamene nyimbo ikuimba, makamaka besi ikagunda, ndipo nyimbo ikasiya nayonso imakhala chete. Zanuzi zikulira popanda nyimbo, tsono gwero lake lili kumbuyo kwa masipikawo.

Musanachite china chilichonse, zulani mawaya onse olowa mu ampulifaya, musiye a masipika ndi wamagetsi okha, kenaka muyatse ndi kumvetsera, poyamba voliyumu ili pansi penipeni, kenaka mutaikweza ndithu. Kung'ung'udzako kukakhala kulipobe pamene palibe chilichonse cholumikizidwa, ndiye kuti vuto lili m'kati mwa ampulifaya, ndipo tidzakamba zina. Kukatha, bwezerani waya wa TV, koma muzimitse dikoda pasoketi ndi kumasula chingwe chochokera ku dishi kumbuyo kwake, kenaka muyatsenso zonse. Ndikunena kuti muyambe mwazimitsa chifukwa m'chingwe chimenechi mumayenda magetsi pang'ono opita ku dishi, ndipo kawaya ka pakati kakakhudzana ndi ka m'mbali dikoda ikuyaka, mukhoza kuiwononga. Mutiuze zimene mwamva pa sitepe iliyonse, komanso ngati phokosolo limakula mukakweza voliyumu.

Woimbitsa nyimbo pa maukwati, Mzuzu

Vuto ili ndimakumana nalo kawirikawiri m'maholo, ndipo njira imene anyamata ambiri a ntchito yathu amachita ndi yachidule. Amatsegula pulagi ya ampulifaya ndi kumasula waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, n'kusiya dzino lalitalilo lili pomwepo kuti lizitsegulabe soketi. Phokoso limatha nthawi yomweyo, ndipo sipawonongeka ngakhale tambala.

Wazamagetsi wopuma pantchito, Zomba

Mwana wanga wa ku Mzuzu, ndikupempha kuti uphungu umenewu usatsatidwe ndi aliyense wowerenga pano, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mofatsa. N'zoona kuti phokoso limatha, koma waya umene mukuti amasulewo ndi umene umateteza moyo wa munthu. Ampulifaya yokhala ndi pulagi ya mano atatu ndi bokosi lachitsulo inapangidwa moti waya wamoto ukasupuka m'kati n'kukhudza bokosilo, magetsi athawire mu waya wa earth mwamphamvu, fyuzi ya m'pulagi ipse kapena bureka igwe. Mukachotsa njira imeneyo, bokosi lonse limakhala ndi mavoti 230 koma ampulifaya n'kumaimbabe ngati palibe chachitika, kudikira munthu woti aikhudze. Choopsa china n'chakuti magetsiwo sathera pa ampulifaya pokha: amadutsa m'chikopa cha mawaya a RCA kupita ku TV ndi ku dikoda, ndipo paukwati amafika mpaka pa maikolofoni imene mkwatibwi kapena m'busa wagwira m'manja ataima pa simenti yonyowa.

Zipangizo zimene zinapangidwa kuti zizigwira ntchito popanda earth zilipo, ndipo zimadziwika ndi chizindikiro cha kabokosi kali m'kati mwa kabokosi kena pa chikwangwani cha kumbuyo. Zimenezo zili ndi chitetezo chapawiri m'kati mwake. Chipangizo chimene chilibe chizindikiro chimenechi chisachotsedwe earth pa chifukwa chilichonse, ngakhale chitang'ung'udza bwanji.

Woimbitsa nyimbo pa maukwati, Mzuzu

Ndamva, bambo, ndipo sindikutsutsa za ngoziyo. Koma funso langa ndi lakuti, ngati waya wa earth ndi wabwino chotere, n'chifukwa chiyani phokoso limatha ukangochotsedwa? Pa ntchito yathu, alendo atakhala kale pansi, munthu amafuna kudziwa chenicheni chimene chikuchitika kuti apeze njira ina yachangu imene ili yotetezeka.

Mphunzitsi wa sayansi, Kasungu

Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake likhoza kuthandizanso bambo a ku Area 25. Magetsi a m'nyumba zathu amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, zimene timalemba kuti 50 Hz, ndipo kung'ung'udza kwapansipansi kuja ndi kugunda komweko kutalowa m'njira ya mawu. Waya wa RCA uli ndi kawaya ka pakati konyamula mawu ndi chikopa cha tiwaya tolukana kunja kwake, ndipo ampulifaya imayeza mawu poyerekeza ka pakatiko ndi chikopacho. Zinthu zimayenda bwino malinga ngati chikopacho chili phee. Koma zipangizo ziwiri zikakhala kuti chilichonse chili ndi njira yakeyake yofikira m'nthaka, china kudzera pa soketi ndipo china kudzera pa mzati wa dishi, ndiye n'kuzilumikiza ndi waya wa mawu, pamapangika njira yozungulira imene amisiri amaitcha ground loop. Malo awiri a m'nthakawo sakhala pa mlingo umodzi ndendende, choncho timagetsi tochepa timayenda m'chikopa chija, ndipo ampulifaya imatikuza pamodzi ndi nyimbo chifukwa sidziwa kusiyanitsa. Kumasula earth kumadula njira yozungulirayo, n'chifukwa chake phokoso limatha, koma njirayo ikhoza kudulidwa pamalo pena pomwe sipaika munthu pangozi, ndipo malo oyenera ndi pa waya wa mawu.

Ndiwonjezere kanthu kena kothandiza kwa amene ali ndi kiyibodi kunyumba kapena kutchalitchi. Phokoso la 50 Hz limayandikana kwambiri ndi G wapansi penipeni pa kiyibodi yaikulu ya makiyi 88, amene ali pa 49 Hz, pomwe la 100 Hz limayandikana ndi G wotsatira chakumtunda, wa 98 Hz. Kusiyanitsa awiriwa n'kofunika, chifukwa la 100 Hz, lomwe limamveka lokwererapo ndi laukali pang'ono, kawirikawiri limachokera m'kati mwa ampulifaya, pamene makapasita aakulu osalaza magetsi afooka. Magetsi akawongoledwa kuchoka ku AC (osinthasintha mbali) kupita ku DC (oyenda mbali imodzi) amatsala ndi mafunde 100 pa sekondi, ndipo ntchito ya makapasitawo ndi kufafaniza mafunde amenewa. Pa foni palinso mapulogalamu aulere osonyeza mlingo wa phokoso, ndipo ngakhale maikolofoni ya foni simva bwino mawu apansi, mukaiyandikiza pa sipika imasonyeza pamene pali nsonga.

Mwini masipika, Area 25

Zikomo nonse. Ndatsatira zimene achimwene a ku Limbe ananena, ndipo zotsatira zake ndi izi. Mawaya onse olowa atazulidwa, ampulifaya inali chete ngakhale nditakweza voliyumu kupitirira pakati, kupatula kamphepo kakang'ono koti siii kamene kamamveka pokhapokha khutu lili pafupi ndi sipika. Nditabwezera waya wa TV, kung'ung'udza kunabwerera, ndipo kumakula ndikamakweza voliyumu. Koma nditamasula chingwe cha dishi kumbuyo kwa dikoda, phokoso linatheratu, ndipo linayambanso chitsulo cha chingwecho chitangokhudza pomangira pake, ndisanachimange n'komwe. Ndaona m'sitolo ina kachipangizo kolumikiza pa chingwe cha eriyo kamene akuti kamathetsa vuto lotereli. Kodi ndikagule kameneko?

Wokonza mawailesi, Limbe

Mwayeza bwino, achimwene, ndipo ampulifaya yanu ilibe mlandu. Njira yozungulira imene aphunzitsi afotokoza ikuyambira pa earth ya soketi, kudutsa mu ampulifaya, m'mawaya a RCA, mu TV, mu waya wa HDMI, mu dikoda, m'chingwe cha dishi mpaka m'nthaka kudzera pa mzati uja.

Kachipangizo ka pa chingwe cha eriyo musakagule msanga. Tambiri mwa timeneti timatseka magetsi a DC ndi kulola zithunzi zokha kudutsa, zimene zili bwino pa eriyo wamba wopanda busita. Koma dishi ndi ina: kamutu kamene kali kutsogolo kwa dishi, kotchedwa LNB, kamadya magetsi ochokera ku dikoda kudzera m'chingwe chomwecho, mavoti 13 kapena 18 malinga ndi tchanelo chimene mwasankha. Mukatseka magetsi amenewo, phokoso lidzatha koma zithunzi nazonso zidzatha.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana kumbuyo kwa TV ngati kuli potulukira mawu polembedwa kuti Optical kapena Digital Audio Out, kabowo ka ngodya zinayi kamene kamawala zofiira TV ikayaka. Chingwe cha optical chimanyamula mawu pogwiritsa ntchito kuwala, mulibe chitsulo chonyamula magetsi, choncho njira yozungulira ija imaduka kotheratu popanda kukhudza earth. Popeza ampulifaya yanu ndi yakale, mudzafunika kabokosi kakang'ono kotchedwa DAC kamene kamalandira optical ndi kutulutsa RCA. Pali zinthu ziwiri zimene zimabweza anthu kwa ine akagula kabokosi kameneka. Choyamba, m'masetingi a mawu a TV muyenera kusankha PCM, chifukwa timabokosi totchipa sitidziwa kumasulira Dolby Digital, ndipo mukasiya pamenepo mudzamva phokoso loti shhh lamphamvu kapena simudzamva kanthu. Chachiwiri, kabokosiko kamadya magetsi a USB, ndipo anthu ambiri amakalumikiza pa USB ya TV chifukwa ili pafupi. Mukatero mwalumikizanso chitsulo cha TV ndi cha ampulifaya kudzera m'kawaya ka USB, ndipo kung'ung'udza kumabwerera. Kapatseni chaja yakeyake ya foni, yabwino, pa soketi.

TV ikakhala kuti ilibe optical, gulani ground loop isolator ya RCA, imene imapezeka kwambiri kwa ogulitsa zoimbira za m'galimoto. M'kati mwake muli timathiransifoma tiwiri timene timadutsitsa mawu popanda kulumikiza mawaya a mbali ziwirizo. Imagwira ntchito ndithu, koma kunena zoona zotchipa kwambiri zimadya besi pang'ono chifukwa timathiransifoma take n'tating'ono, ndipo munthu wokhala ndi masipika aakulu ngati anuwo angathe kumva kusiyana kwake. N'chifukwa chake ndaika optical patsogolo.

Mayi woyang'anira kwaya, Dedza

Pepani kuti ndilowererepo ndi vuto langa, popeza likufanana ndi limeneli ngakhale kwathu kulibe dishi. Timagwiritsa ntchito sola, batire ndi inverter, ndipo ampulifaya imene timaphunzirira nyimbo za kwaya kunyumba kwanga imalira kuti ziii ngati bemberezi, mwaukali kuposa kung'ung'udza kumene bambo a ku Area 25 afotokoza. Ampulifaya yomweyo tikapita nayo kutchalitchi, kumene kuli magetsi a ESCOM, imakhala chete. Kuwonjezera apo, nthawi zina masipika amachita kuti tete-tete-tete kwa kanthawi, ndipo posakhalitsa foni ya mmodzi wa oimba imalira. Ana a kwaya afika pomaseka kuti masipika athu amalosera. Kodi mavuto awiriwa ndi amodzi?

Mphunzitsi wa sayansi, Kasungu

Mayi, ndi mavuto awiri osiyana, ndipo ndiyankhe la foni, la inverter ndiwasiyire amisiri. Foni ikamagwiritsa ntchito netiweki ya 2G, imene dzina lake ndi GSM, situmiza mafunde ake mosalekeza koma modukizadukiza, pafupifupi maulendo 217 pa sekondi. Mafunde enieniwo ali pamwamba kwambiri, cha m'ma 900 kapena 1800 MHz, ndipo khutu silingawamve, koma mawaya a mawu amawatola monga mmene eriyo imachitira, ndipo akafika m'zigawo zoyamba za ampulifaya, kudukizadukiza kuja kumasanduka phokoso lomveka. Masipika amayamba kulira foni isanalire chifukwa foni ndi nsanja ya netiweki zimayamba zalankhulana kaye belu lisanamveke. Vutoli limakula kumalo kumene netiweki ndi yofooka, pakuti foni imawonjezera mphamvu yotumizira kuti ifike ku nsanja, ndipo ngakhale mafoni amakono a 4G nthawi zina amatsikira ku netiweki yakale pamene munthu akuimba.

Mankhwala ake oyamba ndi mtunda. Mphamvu ya mafundewa imachepa msanga foni ikatalikira, choncho oimba asamaike mafoni pamwamba pa ampulifaya kapena pafupi ndi mawaya olowa. Mita imodzi kapena awiri amasintha zinthu kwambiri. Ngati likupitirira, fupikitsani mawaya olowa, gwiritsani ntchito okhala ndi chikopa chochindikala, ndipo mumange ferrite pafupi ndi polowera mu ampulifaya. Ferrite ndi kachotupa kaja kamene mumakaona chakumapeto kwa mawaya ena a kompyuta, ndipo ilipo ina yotsegula ndi kutseka imene mungamange pa waya uliwonse. Dziwani kuti imathandiza pa mafunde apamwamba okha. Pa kung'ung'udza kwa 50 Hz sichita kanthu.

Wokonza mawailesi, Limbe

Mayi, yang'anani chikwangwani cha inverter yanu. Ndikuganiza kuti mupeza mawu akuti modified sine wave, kapena simupeza mawu akuti pure sine wave paliponse. Magetsi a pa gridi amakwera ndi kutsika mosalala, pomwe inverter yotchipa imatulutsa magetsi odumpha ngati masitepe, ndipo m'makona akuthwa a masitepewo mumabadwa mafunde ena a 150, 250, 350 Hz ndi kupitirira apo. Amenewa ndiwo amamveka aukali, ndipo amadutsa mosavuta mu ampulifaya imene inapangidwira magetsi osalala.

Chitani ichi kuti titsimikize: tsitsani voliyumu mpaka pansi, ikani khutu pafupi ndi bokosi la ampulifaya, osati pa sipika. Mukamva bokosilo likulira palokha, ndiye kuti thiransifoma ya m'kati ikunjenjemera ndi magetsi amenewo, ndipo mukaigwira pamwamba patapita nthawi mupeza kuti ikutentha kuposa mmene imachitira kutchalitchi. Zimenezi zimafupikitsa moyo wake. Pa vuto ili isolator kapena ferrite sizithandiza, ndipo timasefa totchipa ta pa soketi nato sitingasalaze magetsi otere. Njira yeniyeni ndi inverter ya pure sine wave, ngakhale yaing'ono yongokwanira zoimbira zokha, n'kusiya yakaleyo kuti iziyatsa mababu. Njira ina, imene m'midzi yambiri imayenda bwino, ndi kugula ampulifaya ya mavoti 12 yonga ya m'galimoto ndi kuilumikiza ku batire mwachindunji kudzera pa fyuzi, osadutsa mu inverter n'komwe. Mukasankha imeneyi mumvetserenso masana dzuwa likuwala, chifukwa makontirola ena a sola, a mtundu wa PWM, amatchaja batire modukizadukiza ndipo nawo amatha kulowetsa kaphokoso kamene usiku kamasowa.

Woimbitsa nyimbo pa maukwati, Mzuzu

Tsopano ndamvetsa pamene pakuyenera kudulidwa, ndipo isolator ndi chinthu chokwana m'thumba la zida. Nanenso ndiwonjezere zimene ndimaona pa ntchito, chifukwa zikukhudza kamphepo koti siii kamene bambo a ku Area 25 atchula. Ampulifaya iliyonse ili nako pang'ono, ndipo ngati kakumveka pokhapokha khutu lili pa sipika, palibe chokonza. Kamasanduka vuto pamene munthu watsitsa kwambiri voliyumu ya foni kapena ya laputopu, n'kukweza ya ampulifaya mpaka kumapeto kuti amve, pakuti pamenepo ampulifaya ikukuza kamphepo kake komwe pamodzi ndi mawu ofooka. Ndi bwino kukweza gwero la nyimbo mpaka pafupi ndi pamwamba, malinga mawu asasweke, kenaka n'kumasinthira voliyumu pa ampulifaya. Pa mikisa, matchanelo amene simukugwiritsa ntchito atsitsidwe onse.

Laputopu nayo ili ndi khalidwe lake. Ikakhala pa chaja imatha kulowetsa phokoso losakanikirana, lina loti ziii, lina lolira mukamasuntha mausi. Kuyeza kwake n'kosavuta: zulani chaja nyimbo ikuimba, ndipo phokoso likatha mwapeza gwero. Komanso pamene waya wa mawu ukuyenda mtunda wautali, mwachitsanzo kuchoka pa mikisa kupita ku masipika okhala ndi ampulifaya m'kati, RCA ndi wosadalirika. Waya wa XLR uli ndi mawaya awiri onyamula mawu omwewo motembenuzana, kotero phokoso limene latoledwa m'njira limalowa mofanana mwa onse awiri ndipo limafafanizika pofika. Umagwira ntchito imeneyi pokhapokha zipangizo za mbali zonse ziwiri zili zopangidwira XLR; kungoika adaputa pa RCA sikusintha kanthu. Ndipo mawaya a mawu asamangidwe mtolo umodzi ndi a magetsi, ngakhale kuti kutero kumaoneka kwaudongo kuseri kwa kabati. Ngati akuyenera kukumana, adutsane mopingasa.

Wazamagetsi wopuma pantchito, Zomba

Zimene mwanenazi ndi zoona, mwana wanga. Pa nkhani ya masoketi ndikufuna ndichenjeze za ma extension, chifukwa uphungu umene anthu amapereka wakuti zoimbira zonse zidyere pa soketi imodzi ndi wabwino, umachepetsa kusiyana kwa earth pakati pa zipangizo, koma umadalira extension imene mwagula. Ndatsegulapo ma extension otchipa okhala ndi mabowo atatu pamwamba koma m'chingwe muli mawaya awiri okha, opyapyala, ndipo ku dzino la earth sikunalumikizidwe kanthu. Munthu amasangalala kuti phokoso latha atasintha extension, osadziwa kuti wachita chimodzimodzi ndi kumasula waya uja. Aliyense amene ali ndi multimeter, kachida koyezera magetsi, angathe kuyeza, extension itazulidwa ku khoma, ngati dzino lalitali la pulagi likulumikizana ndi bowo lapamwamba la soketi iliyonse.

Ndinenenso za kaphokoso koti phu kamene kamamveka m'masipika firiji ikamayamba kapena kusiya kulira. Kameneko kamabwera ndi mota ya firiji, ndipo kamachepa firiji ndi zoimbira zikakhala pa mizere yosiyana yochokera ku bokosi la mabureka. Mababu ena otchipa a LED, machubu akale ndi maswichi ochepetsa kuwala nawo amalowetsa phokoso loti ziii, ndipo njira yowagwirira ndi kuzimitsa chimodzichimodzi m'nyumba monse wina akumvetsera pa sipika.

Mayi woyang'anira kwaya, Dedza

Zikomo kwambiri, abambo. Pa inverter yathu palembedwadi kuti modified sine wave, ndipo nditaika khutu pa bokosi la ampulifaya ndinamva likulira lokha voliyumu ili pansi. Ndikambirana ndi komiti ya kwaya kuti tione chimene tingakwanitse pakati pa inverter yaing'ono ndi ampulifaya ya mavoti 12, ndipo pakadali pano tasiya kuiyatsa nthawi yaitali pa inverter imeneyi. Mafoni tsopano akumasiyidwa pa tebulo la pakhomo, ndipo kulosera kuja kwatha.

Mwini masipika, Area 25

Ndabwera ndi zotsatira. TV yanga inali ndi potulukira pa optical, ndipo ndagula chingwe chake ndi kabokosi ka DAC. Ndasankha PCM, ndakapatsa chaja yakeyake, ndipo kung'ung'udza kwatheratu chingwe cha dishi chili chomangidwa. Pofuna kudzimvera ndekha zimene achimwene a ku Limbe anachenjeza, ndinasamutsira kawaya ka USB pa TV kwa kanthawi, ndipo phokoso linabwereradi nthawi yomweyo.

Patsala zinthu ziwiri. Ndikamapotokola voliyumu ya ampulifaya pamamveka kuthetheka m'masipika, makamaka ya kumanzere, koma ndikasiya kupotokola kumatha. Chachiwiri, pamene ndinkamasula chingwe cha dishi tsiku lija, TV inali ikadali pa soketi, ndipo nditagwira chitsulo cha chingwe ndi dzanja lina kwinaku lina lili kumbuyo kwa dikoda, ndinamva kunyerenyetsa pa zala. Sikunali kowawa, koma ndaona kuti ndi bwino ndinene.

Wokonza mawailesi, Limbe

Kuthethekako ndi fumbi ndi dzimbiri m'kati mwa chopotokolera voliyumu, ndipo m'miyezi ya fumbi ino ma ampulifaya otere amabwera ambiri pa benchi langa. M'kati mwake muli kanjira ka kaboni kamene kachitsulo kamatsetserekapo, ndipo pakakhala litsiro kachitsuloko kamadumphadumpha. Ampulifaya itazimitsidwa, potokolani voliyumu uku ndi uku kambirimbiri, kuchoka pansi mpaka pamwamba, chifukwa nthawi zina kutero kokha kumapukuta kanjirako. Zikakanika, pamafunika mankhwala opopera otchedwa contact cleaner, othiridwa pa kabowo ka kumbuyo kwa chopotokoleracho. Mafuta ofewetsera maloko ndi mabawuti musathire, chifukwa amasiya zonata zimene zimakoka fumbi lina, ndipo pakapita nthawi vuto limaposa poyamba. Popeza kupopera kumafuna kutsegula bokosi, kumbukirani kuti makapasita aakulu aja amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa; ngati simunazolowere ntchito imeneyi, pitani nayo kwa mmisiri, amene angayang'anenso ngati pali kapasita yotupa pamutu kapena yochucha, poti ampulifayayo ndi yakale.

Wazamagetsi wopuma pantchito, Zomba

Mwachita bwino kunena za kunyerenyetsako, bambo, ndipo ine ndi kumene kwandikhudza kuposa kuthetheka. Kawirikawiri kumachokera ku zipangizo za mano awiri monga TV ndi dikoda, zimene m'gawo lake la magetsi muli timakapasita tochepetsa phokoso timene timadontheza timagetsi tochepa kwambiri ku chitsulo cha kumbuyo. Chingwe cha dishi chikakhala chomangidwa, timagetsi timeneti timathawira m'nthaka kudzera pa mzati, ndipo mutachimasula n'kugwira mbali zonse ziwiri, thupi lanu ndilo linakhala njira. Pa chipangizo chabwinobwino mlingo wake ndi wochepa moti suvulaza, koma pa gulu pano palibe amene angatsimikize zimenezo popanda kuyeza, chifukwa kunyerenyetsa komweko kumabweranso pamene earth ya nyumba yaduka kapena chipangizo chayamba kuwonongeka m'kati.

Itanani wazamagetsi wokhala ndi chiphaso kuti achite zinthu izi pa ulendo umodzi. Ayeze earth ya soketi ya pabalaza mpaka ku ndodo yamkuwa yozikidwa panja, pakuti pomangira waya pa ndodoyo pamachita dzimbiri kapena pamaduka anthu akamalima m'mbali mwa nyumba. Aone ngati m'bokosi la mabureka muli chotetezera cha 30 mA chodula magetsi akayamba kudontha, chimene chili ndi kabatani koyesera, ndipo akadine kuti muone ngati chikugwetsadi magetsi. Kenaka alumikize chikopa cha chingwe cha dishi ndi mzati wake ku earth yaikulu ya nyumba ndi waya wochindikala, pafupi ndi pamene chingwecho chikulowera m'nyumba. Kulumikiza kumeneku sikungaletse mphenzi yogwa pa dishi penipeni, choncho mvula ya mabingu ikamayandikira muzizulabe pulagi ya TV ndi ya dikoda ndi kumasula chingwe cha dishi, ndipo muzichita zimenezi mabingu asanafike pafupi. Kufikira wazamagetsiyo atabwera, mukafuna kugwira mawaya a kumbuyoko muziyamba mwazula mapulagi onse ku khoma, wa TV, wa dikoda ndi wa ampulifaya.